Chiganizo chimene ndinaonjezera m'ntchito ya Tadala

Mwana wanga Tadala anapatsidwa ntchito kusukulu yosanthula buku lonena za banja la ku Nigeria lokhala kuno ku England. Tsiku lina anasiya laputopu yotsegula patebulo, ine n'kusuzumira.

Analemba kuti mayi wa m'bukumo ndi wabodza, chifukwa amauza abale kwawo kuti ndi nesi pomwe ntchito yake ndi yosambitsa okalamba. Ine ndimasambitsa okalamba. Kwathu ku Zomba amanditchula kuti anesi.

Ndinakhala pansi, ndipo ndi chala chimodzi ndinaonjezera kuti: "Komabe mayiyu anali ndi zifukwa zomveka."

Patatha sabata, Tadala anabwera ndi pepala lochongedwa. Aphunzitsi anazunguliza chiganizo changa chokha ndi cholembera chofiira, n'kulemba kuti: "Zifukwa ziti? Pereka umboni."

"Amayi, bukuli munaliwerengapo?" Tadala anandifunsa m'Chingerezi.

"Ayi."

"Nanga zifukwazo munazidziwa bwanji?"

Ndinamuyankha kuti basi ya kuntchito indisiya. Tsikulo ndinali pa ofu. Ndinavalabe jekete, n'kukaima pasiteji ya ku Braunstone mpaka mabasi awiri atadutsa.