Mejala wa Bondo Louma

Anthu akamanena kuti a Yesaya ankavina ndi mwendo umodzi, ine mtima umandiwira. Anali nayo iwiri! Kungoti wakumanzere sunkapindika pabondo. Ng'oma ndinkawaimbira ndine, ndiye musandiphunzitse.

Asanapite kunkhondo, a Yesaya anali msodzi wamba kwathu ku Lifuwu, munthu wofatsa, wongokhalira kusoka makoka. Koma pa mganda, eee! Ndiwo ankatsogolera mzere woyamba m'boma lathu. Tikati boma tikunena gulu la ovina, lokhala ndi Kingi wake, onse m'makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, akuguba ngati asilikali. Mu 1946 a Yesaya anabwerako kunkhondo kachitsulo ka bomba kali m'bondo. Sanadandaule za bondolo. Chimene ankafuna n'kubwerera m'bwalo, basi.

Tsiku loyamba kuyeserera zinaipa. Amuna makumi awiri akagwada, iwo ankatsala chilili. Akatembenuka, iwo ankafika mochedwa, mwendo ukukwekwereza fumbi. Kingi wathu, a Jameson, telala wodzimva uja, anaimitsa gule.

"Achimwene, mzere ndi mzere," anatero. "Mukutiwonongera."

Ine ndinalephera kuugwira mtima. "A Jameson, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Anakuphunzitsani kuponya phazi ndani, si omwewa?"

A Jameson anapukusa mutu, kenaka n'kugamula. Mpunga ukakololedwa tikapikisana ndi boma la ku Chinguluwe. A Yesaya akaloledwa kulowa m'bwalo kamodzi kokha. Akakatichititsa manyazi, abweze yunifolomu, mganda auiwale.

Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti bondo silimva kupembedza. Koma patapita masiku atatu, ndinawapeza kuseri kwa thandala loyanikapo usipa akuyenda okhaokha, ndodo kukhwapa, chibwano m'mwamba, akuyang'ana usipa uja ngati wawalakwira.

"Mwayamba misala, akulu?"

"Ayi, Wilson. Ndikukumbukira munthu." Anandiuza kuti kunkhondo kunali Mejala wina wokalamba, mzungu wa mwendo wouma ngati wawowu, amene ankabwera kudzayendera asilikali pa perete. "Sankabisa kutsimphina kwake. Mwendowo ankaupondetsa mwamphamvu, ife kuima nganganga. Iwe undiimbire ng'oma yoti kugunda kwakukulu kuzigwera pa mwendo woumawu."

Tinayeserera mwezi wathunthu, awiriwiri, dzuwa likuswa mtengo. Anandivutitsa munthu ameneyu! Sankafuna kuvina chabe. Ankati ndiyenera kudziwa chimene Mejala wadya m'mawa, chimene chamukwiyitsa, chifukwa chake akuima pamenepa osati apo. Ndevu zapamlomo anapota ndi khonje. Chipewa anasema ku chipanda n'kuchipaka njereza. Akazi awo, mayi Margret, ankangoti, "Bambo, m'nyumba muno Mejalayo muzimusiya pakhomo."

Tsiku linafika. Tinayenda wapansi mpaka ku Chinguluwe, zovala zili m'mitanga kuopa fumbi. Ndinene zoona, anyamata akumeneko ankavina. Ambiri anali obwera kunkhondo, mizere yawo yowongoka ngati njanji, mabadza awo, zipanda zija timaimbiramo ngati malipenga, akulira bwino zedi. Atamaliza anaima m'mphepete mwa bwalo m'mizere yawo, akutiyang'ana monyogodola. Ife titalowa, anthu anayamba kubalalika, ena kukagula zitumbuwa. A Jameson thukuta kamukamu.

Pamenepo ndinasintha ng'oma. Gu! Kenaka kachetechete. Gu!

A Yesaya anatulukira kuseri kwa mtengo wa mango. Ine amene ndinkawadziwa kuyambira ubwana sindinawazindikire. Mwendo wabwino unkaseweretsa tizidutswa ting'onoting'ono ta ng'oma, woumawo n'kugwa pa kugunda kwakukulu, fumbi kobo! Mapewa ankanjenjemera motsata mabadza, koma nkhope ili gwa. Anaima pamaso pa wovina wathu wina, n'kumutukula chibwano ndi ndodo. Wina anamununkhiza kukhwapa, n'kudzandira chammbuyo masitepe atatu, onse ogwera pa ng'oma. Anthu anafa nacho chiseko. A zitumbuwa aja anabwerera akuthamanga.

Tsono apa mpamene anachita zimene sitinapangane. Atamaliza mizere yathu, anatembenuka n'kulunjika ku mizere ya a ku Chinguluwe. Ine ndinangopitiriza kuimba. Gu! Gu! Anafika pamaso pa Kingi wawo, bambo wamtali wotchedwa Lawson, amene anali sajeni kunkhondo. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pang'onopang'ono, n'kukhosomola kamodzi.

Kalanga ine! Zidendene za Lawson zinagundana zokha, dzanja lili kale pachipumi. Wachita sawatcha! Ndipo kumbuyo kwake onse amene anadyako nyemba za ku usilikali anachita chimodzimodzi, nganganga, maso kutsogolo. Thupi linakumbuka mutu usanaganize. Paja m'mipikisano yathu, boma likachitira linzake sawatcha pabwalo ndiye kuti lavomera kugonja. Lawson anazindikira dzanja lili m'mwamba, analiyang'ana ngati la munthu wina, kenaka nayenso anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi.

Nthungululu zake, abale! Amayi anathamangira m'bwalo ndi mipango kukapukuta a Yesaya thukuta, ndevu za khonje zija n'kumatuka mbali imodzi. Mayi Margret ankavina akulira. Ine ndinaimba mpaka chala chinang'ambika, osamva ululu. Sindinakondwerepo choncho chibadwire.

Gule atatha ndinawapeza atakhala patsinde la mango, bondo litatupa ngati dzungu, akulephera kuvula sokosi. Mejala uja anali atapita, panatsala a Yesaya athu ofatsa, akupuma movutikira. A Jameson anabwera mwakachetechete, chipewa cha ukingi chili m'manja. Anagwada, telala wodzimva uja, n'kuyamba kuwavula sokosiyo pang'onopang'ono.

A Yesaya anawayang'ana. "Ndiye yunifolomu ija, a Kingi?"

A Jameson sanadzutse mutu. "Loweruka tikuyeserera, achimwene. Mudzalawirire, mudzatiphunzitse."