Pemphero la a Chavula pa Kaseti

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anawasamutsira ku Rumphi Boma kuchoka ku Dedza. Ndinali Sitandade 7, mtsikana wa pakamwa posapuma, Chitumbuka ndikungodziwa "yewo" basi. Aphunzitsi atatituma kukatola mbiri kwa achikulire, ine ndinasankha a Chavula, mkulu wa mpingo woyandikana nafe nyumba. Anthu ankanong'ona kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali kalaliki ku Katanga m'dziko la Congo, pa mgodi wotchingidwa ndi waya, pomwe pankachokera miyala imene azungu anakapangira bomba la atomiki. Nkhaniyo anali asanauzepo munthu, ngakhale akazi awo. Nditawaumirira sabata yathunthu, anavomera kuti ayankhula kamodzi kokha.

Ndinabwereka wailesi ya kaseti ya bambo, mabatire ake n'kuwayanika padzuwa tsiku lonse kuti abwerere mphamvu. A Chavula ndinawapeza atatchena jekete ndi tayi, fungo la mankhwala a njenjete lili guu, ngati wailesiyo ili ndi maso. Nditangodina batani lofiira, anakweza dzanja.

"Mwana wanga, ntchito yoyamba popanda pemphero ndi yachikunja. Tsinzina."

Abale inu, munamvapo mkulu wa mpingo wa kumpoto akupemphera? Anayambira kwa Adamu, m'Chitumbuka chokhachokha. Ine diso limodzi lotsinzina, linalo lili pa kaseti ikuzungulira. Kuzimitsa ndinkaopa, poti batani lake linkalira kuti kha, ndipo pemphero la munthu wamkulu salidula. Nkhuku inalowa, n'kundijompha chala, n'kutuluka. Tiyi anazizira. Pomwe ankati "Ameni", mbali yoyamba ya kasetiyo inali itatha kalekale. Ndinatembenuza kaseti, koma mabatire anga a padzuwa aja anali atafa.

Nditawauza misozi ili lengelenge, anangovula jekete mwaulemu.

"Basi, zonse ndanena kale."

Ndinapsa mtima koopsa. Nawo aphunzitsi anandiseketsa kalasi yonse, amvekere anandituma mbiri, osati chitsitsimutso. A Chavula anamwalira dzinja lotsatira.

Kasetiyo ndinaimveranso ndili mayi wa ana atatu, Chitumbuka nditachizolowera chifukwa cha ukwati. Adamu uja sanachedwe naye n'komwe. Mawu awo anatsika, n'kuyamba kutchula anthu mmodzimmodzi ndi midzi yawo: amuna amene ankanyamula miyala ija ndi manja, fumbi lachikasu lili mbuu m'tsitsi, kenako n'kumatsokomola magazi mpaka kuikidwa kuseri kwa waya. Anapempha chikhululukiro poti ndi iwo ankafufuta mayinawo m'kaundula, osalembera kalata kwawo. Penapake pakumveka nkhuku ija, ndi ine ndikuusa moyo mwamwano.

Masiku ano ana anga amajambula tsiku lonse pa foni, batire osatha, koma oti n'kuwafunsa za Katanga kulibenso. Mayina aja ndinawalemba m'kope, ndipo mabanja awiri ndinawapeza. Ndimachitabe manyazi ndikamva kuusa moyo kwanga kuja. Nkhani imene ija a Chavula sakanatha kuuza munthu. Anauza Mulungu, ine n'kungondilola kugwira wailesi.