Ndinavula mwana wanga chipewa tili m'mwamba

Lemba mmene ndikukambiramu iwe Esinati, usakonze ngati za kusukulu. Inu owerenga, ine pensulo sindinaigwirepo, akulembayu ndi mdzukulu wanga. Koma mlandu ndi wanga. Pakamwa pangapa ndi manja angawa ndi zimene zinatsitsa mwana wanga m'mwamba, mpaka lero akuyenda pansi.

Mwanayo ndi Lakisoni, atate ake a Esinatiyu. Anakulira konkuno ku Chinyunyu, ndeke ikadutsa ankaithamangira mpaka kundipondera chimanga. Atapeza ntchito ya magetsi ku Lusaka anaphunzira kuyendetsa tindeke tating'ono, osati ganyu ayi, chikondi chabe. Yake analibe. Ankabwereka ya mnzake wachikulire, ba Mulenga, ya mipando inayi.

Nthawi ija maofesi a boma atangofika ku Rufunsa, m'mwezi wotentha tchire, anandiitana kuti ndikaone mudzi wanga ndili kumwamba. Pa bwalo la ndeke anandiimika pamthunzi wa phiko n'kuyamba kufotokoza. Ndinangomva zoti, "Amayi, pobwerera mukaona ndavala..." Ine apo n'kuti ndayamba kale kuuza ba Mulenga za mbuzi za aneba zimene zinanditherera kandolo, mbatata yanga yonse. Lakisoni anayesanso. Ndinati, "Ndamva, ndamva, ndinakubala ndine."

Popita kunali bwino mwandi. Msewu wa tala unali ngati lamba, ndinaona nthunzi ya pa kasupe wathu wa madzi otentha, ndi denga langa lomwe. Zomvera m'makutu zimene anandiveka ndinavula, zimandipanikiza duku.

Pobwerera, ndeke itayamba kutsika mu utsi, ndinaona Lakisoni akuvala chipewa cha mlomo wautali ngati cha owotcherera zitsulo. Chinamutchinga mawindo onse, akungoyang'ana timawotchi ta patsogolo pake. Ba Mulenga pambali pake manja ali pamaondo, phee. Mitengo ikukula, ikuyandikira. Ndinakumbukira madalaivala a minibasi amene amasiya chiwongolero kuti atsikana aseke. Ndinaitana dzina lake, injini n'kumeza mawu anga.

Ndinamasula lamba, n'kumukola pakhosi cha kumbuyo, n'kukoka chipewacho ndi mphamvu zolimira. Chinali ndi chingwe. Mutu wake unabwera kwa ine, manja ake n'kukoka chiwongolero. Mphuno ya ndeke inaloza kumwamba, kanthu kena n'kuyamba kulira ngati mbuzi yomangidwa, phiko limodzi n'kupendekeka. Ba Mulenga anakuwa, n'kugwira chiwongolero cha mbali yawo. Tinazungulira, ndipo amene anateretsa ndekeyo ndi ba Mulenga.

Titatsika m'pamene ndinamva zimene ndinakana kumva poyamba. Akuti mumtambo kapena mu utsi maso ndi thupi zimanama, ukhoza kupendekeka uli kuganiza kuti uli bwino. Ndiye amaphunzira kutsika potsata timivi ta m'mawotchimo, timene timawalondolera mpaka pa bwalo. Chipewacho n'chophunzirira, ndipo mnzakoyo ntchito yake ndi kuyang'ana kunja. Lakisoni anali pafupi kukayesedwa pa zimenezo.

Ba Mulenga sanandinyoze. Anangoti, "Ba mayo, mukanatipha tonse." Koma ndeke yawo sanamubwerekenso. Ati woyendetsa sanyamula munthu asanatsimikize kuti wamva. Mwaona? Kusamva kwanga, mlandu n'kugwera mwana. Zobwereka kwina sakanazikwanitsa, ana ali pasukulu. Mayeso anamupita, mapepala ake oyendetsera ndeke n'kutha nthawi.

Chondipweteka n'chakuti Lakisoni sanandikalipire. Anandinyamulira chola mpaka pa basi, n'kundigulira buledi ndi shuga. Bola akanandilalatira.

Esinatiyu ndiye anali woti akwere ulendo wotsatira. Anali atasoketsa ndi diresi. Lemba zimenezo, usadumphe. Iwe, usanyowetse pepala, pukuta ndi chitenje changachi.

Inu owerenga, makamaka anzanga okalamba, mwana wanu akayamba kukufotokozerani za ntchito imene simuidziwa, siyani za mbuzi. Kumubala sikudziwa zonse zimene akudziwa. Mukaona chachilendo m'galimoto, m'chipatala, kaya m'ndekemo, gwirani phewa la amene ali pambaliyo mufunse. Ba Mulenga anali pafupi ndi dzanja langa, ndikanangowakodola chabe. Inunso ana, nkhalamba ikati ndamva, iuzeni ibwereze.

Lakisoni amabwerabe nthawi yokolola kudzandithandiza. Ndeke ikadutsa amasiya chimanga m'manja, amakweza mutu, amaitsata mpaka italowa kuseri kwa phiri. Anthu a m'mudzi muno amati ine sinditseka pakamwa ngakhale m'tchalitchi. Akanabwera kumunda nthawi imeneyo akanaona kuti ndimatha kutseka.