A Mawaya ndi Foni Imene Inasiya Kulira

Dzina lakuti Mawaya anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, kalekale dazi lisanayambe, chifukwa m'thumba lililonse la jekete lawo munkasuzumira kachingwe. Ankagwira ntchito pa kampani ina ya netiweki ya mafoni, m'chipinda chopanda zenera, chozizira ngati mosungira nyama, momwe makina ankang'ung'udza osapuma. Ntchito yawo inali kusamala pulogalamu imodzi yoyang'anira nsanja zonse za kampaniyo. Mabatire akayamba kufooka pa nsanja ya kuphiri, kapena jenereta ikazima, pulogalamuyo inkaona n'kutumiza uthenga pa foni ina yakuda. Foniyo inakalambira m'thumba mwa a Mawaya. Ikalira, iwo ndiwo ankaganiza zochita n'kutuma munthu.

Inkalira paliponse, ndipo inalibe manyazi. Inalira m'tchalitchi, inalira kumaliro a apongozi awo, inaliranso pa ukwati wa mwana wawo wamkazi zithunzi zisanajambulidwe. Pa chithunzi cha pabalaza, pamalo pa bambo a mkwatibwi paima malume wina amene sankagwirizana nawo n'komwe. Akazi awo foniyo ankaitchula kuti mkazi mnzawo. "Pitani, abambo, akukuitanani amayi aang'ono," ankatero uku akuvundikira mbale. Poyamba ankanena moseka, kenako anangozolowera kunena.

Pulogalamu, kwa amene sanaisuzumirepo mkati, ndi mawu chabe olembedwa ndi anthu. Kuti makina ayimve iyenera kumangidwa, ndipo pamakhala pulogalamu ina yogwira ntchito yomangayo. Chomangira cha a Mawaya chinali chakale zedi, chodzaza zigamba zimene iwo anakhala akusokererapo chaka ndi chaka. Chinkagwira ntchito pa kompyuta imodzi yokha, yotuwa, imene inkakhala pansi pa tebulo lawo. Wosesa ankailambalala ngati galu woluma. Pulogalamuyo ikafuna kukonzedwa, kampani yonse inkadikira a Mawaya. Tisanamizane, zimenezi zinkawakomera. Ankadandaula pakamwa pokha, mumtima akumva ufumu.

Ufumuwo unasanduka goli chaka chimene akazi awo anadwala. Matenda anayamba ngati kutopa wamba. Pofika nthawi imene madokotala anasiya kukamba za mankhwala n'kuyamba kukamba za mapilo ndi supu, a Mawaya anamvetsa osauzidwa. Anavala tayi n'kukagogoda kwa abwana, munthu wochepa msinkhu kwa iwo koma wodziwa kukana akumwetulira.

"Bwana, ndimati ndipemphe tchuthi chachitali. Kunyumba sikuli bwino."

"Pepani kwambiri, madala, ndamva za amayi. Koma taganizani nokha. Inu mukachoka, chinthu chija chikatsokomola, timanga bwanji? Kompyuta yanu ija imangomvera inu."

"Ndiye nditani?"

"Samutsani zonse ku chomangira chatsopano, chija takhala tikukupemphani. Aliyense azitha kumanga pa makina alionse. Mukatero, foni mupereke kwa mmisiri wathu Gologolo, muzipita. Sindikuvutitsaninso."

Abwana sankanama. Anali atapempha zimenezi zaka zingapo, a Mawaya akungoyankha kuti tiona mvula ikatha. Tsopano mvula inali pafupi kuyamba, ndipo amene analibe nthawi anali iwowo.

Anagwira ntchitoyo ngati munthu wothawitsa katundu m'nyumba yakupsa. Chigamba chilichonse chinayenera kumatulidwa, kumvetsetseka, n'kulembedwanso m'kalembedwe ka chomangira chatsopano. Zina anali atazilemba okha koma sankakumbukira chifukwa chake. Akachotsa chimodzi, zitatu zinkagwa kwina. Ankakhala ndwii, maso pagalasi la kompyuta, tiyi akuzizira pambali, akutukwana chamumtima mnyamata wopusa amene analemba zimenezi. Mnyamatayo anali iwo omwe. Kunyumba odwala ankasamalidwa ndi mng'ono wawo, amene ankalandira a Mawaya pakhomo ndi nkhope yosaseka.

"Alamu, achemwali lero akufunsani katatu."

Akalowa kuchipinda ankapeza mkono wina waonderako, mphete ikugwedera pa chala.

"Zikutheka?" akazi awo ankafunsa.

"Zatsala pang'ono, amayi."

"Pang'ono panu ndimapadziwa ine. Fulumirani, abambo. Sindikukuopsezani."

Tsiku loyesa linafika. Monga amachitira anthu osamala a ntchito imeneyi, a Mawaya sanazimitse pulogalamu yakale. Anaiyendetsa pambali pa yatsopano, kuti ina ikakanika ina igwire. Abwana ndi anyamata a mu ofesi ataunjikana, anazula dala chingwe cha nsanja yoyesera. Pagalasi lalikulu la pakhoma panayaka kadontho kofiira. Posakhalitsa foni yakuda inalira m'thumba mwawo, anthu n'kuomba m'manja. A Mawaya anawerama, mawondo akulira, n'kuzimitsa pulogalamu yakale pamodzi ndi kompyuta yotuwa ija. Foni anaipereka kwa Gologolo, mmisiri wokwera nsanja, bambo wa ana anayi, wamfupi, wamanja okhakhala, amene dzina lake linachokera pa mmene ankakwerera zitsulo. Gologolo anailandira ndi manja awiri.

"Musade nkhawa, madala. Ndiisunga ngati dzira."

Masiku otsatira anali okoma mwa mtundu wowawa. A Mawaya anaphunzira kutembenuza wodwala osamupweteka, kuuzira supu, kusintha nsalu za pabedi munthu ali pomwepo. Anadziwa kumene kuti akazi awo sakonda zenera lotseka, ndiponso kuti chipsera cha pachigongono chinali cha chitsulo chositira, cha tsiku lina iwo ali kuntchito. Masana ankakhala pampando wa pulasitiki pambali pa bedi, akumvetsera mvula padenga. Dzanja linkapitabe lokha m'thumba kukafufuza foni. Akazi awo akaona ankaseka mpaka kutsokomola.

"Wamasiye wa foni," ankatero.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi ukali. Mphezi zinkang'amba mitengo, magetsi ankazima pafupipafupi. Tsiku lina masana, kunja kutangokata pang'ono, Gologolo anatulukira ndi phava la nthochi kudzazonda matenda. Anavula nsapato zamatope pakhomo, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, chipewa pabondo.

"Amayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, mwananga. Mkazi mnzanga akukusunga bwanji?"

"Aa, amayi, uja anasintha! Chichokereni madala sanalirepo ngakhale kamodzi. Zii! Tikugona ngati makanda. Anyamata akuti madala anatisiyira mankhwala, netiweki inachira."

A Mawaya anali atagwira kapu ya madzi. Anaiika pansi pang'onopang'ono. Mphezi zonsezi, magetsi kuzima konseku, foni osalira? Pa zaka zawo zonse, sabata ya mvula sinathepo foni ili chete. Vutolo analiona lonse nthawi imodzi.

Panali kapulogalamu kakang'ono kolankhula ndi kabokosi kotumiza mauthenga pa foni. Anawapatsa ndi munthu amene anagulitsa kabokosiko, kampani yake inatseka kalekale. Iwo anakaika ndi manja pa kompyuta yotuwa ija n'kukaiwala, monga munthu amaiwalira msomali umene amakolekapo jekete. Chomangira chakale chinkakapeza pomwepo n'kukatenga. Chatsopano chinkamanga pa makina oyera, ndipo chikasowa kanthu kamene sunachiuze kuti n'kofunika, sichidandaula, chimangomanga popanda kanthuko. Tsiku loyesa lija, imene inaliza foni inali pulogalamu yakale. Yatsopano inkaona zonse, inkayatsa timadontho tofiira pakhoma la chipinda chozizira chija, koma inalibe pakamwa. Ndipo khomalo palibe ankaliyang'ana, chifukwa a Mawaya anaphunzitsa kampani yonse kudikira foni.

Anadziwanso china. Sizinali zokonza ndi mawu awiri pa telefoni. Kuyatsanso kompyuta yotuwa, kubwezera zakale, kulemba kapulogalamuko mwatsopano, zonsezo zinkafuna manja awo kwa masiku. Akangotsegula pakamwa, galimoto ya kampani ikanaima pachipata dzuwa lisanalowe.

Anatsegula pakamwa. Anayang'ana pabedi. Akazi awo anali atawayang'ana kale.

"Ndi bwino, mphwanga," anatero a Mawaya. "Koma uzidutsako ku nsanja zakutali, kungoona."

"Galimoto amatipatsa pokhapokha foni ikalira, madala, mukudziwa. Koma musadandaule za ife. Samalani amayi."

Gologolo anatsazika n'kupita. Ntchentche inkayenda pa nthochi.

"Zimene wanena mwana uja, zili bwino?" anafunsa akazi awo.

"Zili bwino."

"Mumanama ngati mwana, abambo. Makutu amakuyendani."

Dzanja loonda linatuluka m'bulangete n'kuwagwira a Mawaya pamkono, ndi mphamvu imene sankadziwa kuti idakalipo.

"Komabe musapite."

Sanapite. Anadziuza kuti aimba mawa. Mawa lake odwala anakana supu, ndiye anati aimba mkuja. Mphezi iliyonse inkawalasa mumtima, ankaona m'maganizo mabatire akutha pa phiri lina, koma ankangoviika kansalu m'madzi n'kupukuta milomo youma. Ankadzida, ndipo ankakhalabe pampando. Masiku amenewo akazi awo ankagona kwambiri. Akadzuka ankayamba ndi kuyang'ana pampandopo, akawapeza n'kutsekanso maso. Anamwalira m'mawa wina dzuwa litangotuluka, zenera lili lotsegula, mng'ono wawo atagwira mapazi, a Mawaya atagwira dzanja.

Akuntchito anabwera ku maliro pa galimoto ya kampani, onse atavala malaya a chizindikiro. Abwana anapepesa mwaulemu n'kubwerera msanga. Gologolo anabwera payekha, wapansi, atavala malaya oyera akuluakulu obwereka. Tsiku lonse anali pa ntchito, kunyamula mipando, kukoka tenti, kutungira anthu madzi. Anthu atayamba kubalalika ndi pamene anadzanjuta pafupi ndi a Mawaya kuseri kwa nyumba.

"Pepani, madala."

"Zikomo, mphwanga. Bwanji sunabwere ndi anzako?"

Gologolo anakanda kumutu. "Sindimafuna mumve lero. Anandichotsa."

Anafotokoza mosakweza mawu. Nsanja ya kumapeto kwenikweni, ya kuseri kwa mapiri, jenereta yake inazima. Mabatire anatha pang'onopang'ono mpaka kufa osadzukanso. Dera lonselo linakhala masiku lopanda netiweki, ndipo anthu akanadandaula bwanji mafoni awo ali zii? Pa kachipatala ka kumeneko anachita kutuma munthu pa njinga kukaitana ambulansi. Za wodwalayo Gologolo sananene, a Mawaya sanafunse.

"Abwana akuti makina anaona zonse, zikuoneka pakhoma paja. Akuti foni tinaiyesa tonse tikuona, inalira. Ndiye akuti ndine amene ndinanyozera uthenga." Anayang'ana manja ake. "Ine ndikulumbira sindinaone kanthu. Koma mwina ana ankaseweretsa foni n'kufufuta. Mwina ndinagonadi. Pena ndimati mutu wanga sukuyenda. Zinthu zomanga inu sizinganame."

Mawu oulula zoona anali pakamwa pa a Mawaya, okwanira, olongosoka, koma Gologolo anali atasintha kale nkhani, poopa kulemetsa wofedwa.

"Zisiyeni izo, madala, si za lero. Ndimangofuna kufunsa. Amayi anapita inu muli pomwepo?"

"Ndinali pomwepo."

"Ndiye Mulungu ndi wabwino. Ine mayi anga anapita ndili pamwamba pa nsanja, ndinangomva kwa mlonda nditatsika. Mpaka lero zimandiwawa." Anawagwira dzanja ndi manja onse awiri n'kuligwedeza. "Inu mwachita mwayi."

Ananyamuka kukathandiza kukweza mipando pa lole. A Mawaya anatsala pomwepo, akumuyang'ana akusanja mipando ya pulasitiki pamutu, malaya obwereka atathimbirira ndi thukuta. Anafufuza mumtima mwawo kuti apeze pamene akanati, ndikanadziwa ndikanaimba. Anafufuza moona mtima, ngati munthu wofuna kiyi m'matumba onse. Chisoni anachipeza, manyazi anawapeza ochuluka. Koma anadziwa kuti masiku aja atabwerera, Gologolo atakhalanso m'mphepete mwa mpando ndi chipewa pabondo, akanamuuzanso kuti ndi bwino.

Alamu awo anabwera ndi mbale ya chakudya n'kuiika pambali pawo. Lole inaliza injini. Gologolo anakwera kumbuyo, pamwamba pa mipando, n'kuwabayibitsa.