Masiku Awiri pa Benchi ya Tomato

Taganizirani m'mawa wa Lachiwiri wamba, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika. Pansi pakolopedwa kale kawiri. Makatani anachapidwa dzulo, koma mayi wokhalamo akuwanunkhiza ngati angachapidwenso. Pawindo pali kafoni kong'aluka galasi, ndipo iye akukayang'anira ngati mkaka uli pamoto.

Mayiyo ndi Anti a Nsapato. Dzinali anawapatsa ndi ana a pasukulu ya mkaka pomwe anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi, chifukwa panalibe mwana wotuluka pageti zingwe za nsapato zikukwekwereka. Ine ndimaphunzitsa kalasi yoyamba kutsidya kwa msewu, ndipo ana odutsa m'manja mwawo ndinkawazindikira tsiku loyamba lomwe: ankasamba m'manja osauzidwa. Sukuluyo inatsekedwa mwini wake atamwalira. Anti anakhala miyezi isanu manja ali lende, kenaka anaitanidwa ku intaviyu pachipatala china chomwe chinkafuna wothandiza kusamalira ana mu wodi.

Lachiwiri limenelo n'kuti atadikira yankho masiku asanu ndi anayi.

"Achemwali, simenti itha ndi kukolopaku," anatero mng'ono wawo, yemwe amasoka zovala pakhonde. "Tangoimbani."

"Iwe, akuluakulu savutitsidwa. Anati atiimbira."

"Anatero kwa anthu makumi atatu. Mukayiyang'anitsa foniyo iswa anapiye?"

Chomwe chinkawadya mumtima chinali mzere wapansi pa fomu. Pamenepo pankafunika mayina a mboni ziwiri, anthu odziwa kagwiridwe kawo ka ntchito. Anti anasiyapo poyera. Iwo ankaganiza kuti mboni ndi munthu wa ofesi ndi chidindo, ndipo wa chidindo yekhayo amene ankamudziwa anali kumanda.

Atazungulira nyumba katatu anaimba, ataimirira njo ngati akuonedwa.

"Madamu, ndine mayi wachikulire uja wa sukulu ya mkaka. Ndimati ndithokoze pondilandira bwino tsiku lija. Komanso pa fomu paja ndinasiya malo."

"Ndakukumbukirani, mayi," anayankha mtsikana wolemba anthu ntchito. "Mwachita bwino kuimba. Fomu yanu ndinaiika pambali, chifukwa kwa ana sititenga munthu wopanda mboni. Lachisanu tikutseka. Muli nazo?"

"Za chidindo ndilibe. Ndili ndi aphunzitsi amene amalandira ana anga, ndi mayi ena ogulitsa tomato. Mwana wawo wa mphumu ndinamulera zaka zitatu."

"Chidindo sichinalerepo mwana. Tumizani manambala."

Kwa ine anafika pa nthawi yopuma, ali thukuta kamukamu, kudzapepesa kuti anatchula dzina langa asanandipemphe. Tsiku lomwelo ndinaimbiridwa, n'kunena zomwe ndinkadziwa. Nkhani inavuta kwa mayi a tomato. Iwo anasiya kuyankha nambala zachilendo kuyambira pomwe akathyali ena anawanamiza pafoni kuti awina njinga.

"Umboni ndipereka, Anti, ndi mtima wonse. Koma nambala yachilendo ayi. Ngakhale mngelo adzaimbe, abwere yekha pabenchi pano."

"Ndikulemberani nambala yawo papepala."

"Maso anga ndi manambala zinadana kalekale."

Anti sanatsutse. Lachitatu m'mawa anafika ndi ndowa, n'kuivundikira pafupi ndi benchi, n'kukhalapo. Foni ya mayi a tomato ikalira, iwo ankadzambatuka msanga kuposa mwini wake. Inalira kasanu: bambo a kunyumba kawiri, wa galimoto ya tomato, mlamu, ndi wina wosochera. Pakatikati Anti ankaunjika tomato timilu ta anayianayi, kugumula, kuunjikanso.

"Anti, mundipsetsera katundu ndi kugwiragwiraku. Takhalani pansi, matako sayabwa chonchi."

Madzulo anabwerera ndowa ili m'manja. Mng'ono wawo atawaona nkhope anangoweramira pa makina ake.

Lachinayi anafika msika usanasesedwe. Dzuwa linakwera, mthunzi wa lata unachoka pa ndowa, iwo osasuntha. Itakwana 2 koloko foni inalira mayi a tomato akuthirira kasitomala tomato mu jumbo. Anasuzumira ndi diso limodzi.

"Ndi akathyali aja awa." Chala chinali chikupita kale pa batani lofiira lodulira foni.

Anti anawagwira dzanja. "Amake mwana, chonde. Akakhala akathyali mundipatse ine."

Sanali akathyali. Mayi a tomato anayamba mouma, kenaka pakamwa panatseguka. Anafotokoza mmene Anti ankasungira mankhwala opopera m'thumba la epuloni, mmene ankamvera kupuma kwa mwanayo ali chipinda china, ndi tsiku lomwe anamubereka kumsana n'kuthamangira naye kuchipatala opanda nsapato. Makasitomala anayi anaima ndi majumbo awo n'kumamvetsera nawo.

"Musadule, madamu, sindinathe. Mayunitsi ndi anu, si anga."

Anayankhula mphindi makumi awiri. Anti nthawi yonseyo anali chiimire, akupukuta tomato mmodzi yemweyo pa chitenje.

Lachisanu masana kafoni kong'aluka kanalira, ndipo Lolemba anayamba ntchito. Chaka chino n'chachinayi ali mu wodi ya ana ya mabedi makumi awiri, ndipo othandiza atatu amene analembedwa pambuyo pawo anaphunzitsidwa ndi iwo.