Enya Si Inde

Nditasiya koleji m'chaka chachiwiri ndinabwerera ku Mwazisi, ndipo bungwe lina la alimi linandilemba ganyu yoyang'anira kompyuta imodzi. Ndinkaipukuta fumbi ndi kuiyatsa magetsi akabwera. Panalibe china.

M'kompyutamo munali pulogalamu yotumiza mauthenga pafoni. Chaka chimenecho inafunsa alimi kuti: mukufuna mbewu ya soya? Yankhani INDE kapena AYI. Anthu akwathu anayankha mmene amayankhira m'Chitumbuka. Ena analemba Enya, kutanthauza inde, ena Yewo, pothokoza. Pulogalamuyo inkadziwa mawu awiri okha, ndiye onsewo inawayesa osayankha. Mmodzi wa iwo anali mayi anga, ndipo soya ankagawa kwa oyankha okha.

Ndinauza bwana wathu, bambo wa ku Dedza amene anamutumiza kuno asakufuna.

“Achimwene, inde ndi mawu ovuta?” anatero. “Zilembo zinayi basi.”

“Enya nayenso ndi zinayi, bwana.”

“Ndiye konzani. Si paja munapita ku koleji?”

Pulogalamuyo inkayenda mu kontena, kachipinda kake kotsekeka mkati mwa kompyuta. Kontena imaumbidwa kuchokera ku imeji, ngati njerwa m'chikombole. Wopanga imejiyo anali ku Lilongwe. Ndinamuimbira, iye nkuti kumanganso imeji kudikire mwezi wamawa. Mitambo inali itayamba kale kuda cha ku Vwaza.

Ndinalowa mu kontenamo, ndinapeza fayilo ya mawu ovomerezeka, nkuwonjezera enya ndi yewo. Zinatheka. Masana magetsi anazima. Atabwera, kompyuta inataya kontena ija nkuumba ina kuchokera m'chikombole chomwe chija, ya inde ndi ayi. Ndinakonzanso, anazimanso. Sindinakwiye. Ndinakhala pampando kuyang'ana khoma.

Patapita masiku ndinapeza njira. Fayilo ya mawu ndinailemba kunja, mu foda wamba, nkuuza kompyuta kuti nthawi zonse ikamadzutsa kontena iziika fayilo yangayo pamalo pa ya mkati ija. Imeji sindinaikhudze. Mpaka lero mkati mwake muli inde ndi ayi, kungoti sizioneka. Ndinazimitsa dala, nkuyatsanso. Enya analipo.

Koma pulogalamuyo sinkabwerera kukawerenga mayankho akale. Aliyense anayenera kuyankhanso. Ndinapita kunyumba ndipo ndinapeza amama akusankha mtedza pakhonde.

“Amama, tumizaninso.”

“Ndinatumiza kale.”

“Sizinamveke. Tumizaninso.”

“Ndilembe chiyani, chija cha abwana ako?”

“Chomwe munalemba poyamba.”

Anapukuta manja pachitenje, nkulemba ndi chala chimodzi. Posakhalitsa foni inalira. Ndinawawerengera: Zikomo, yankho lanu lalandiridwa.

M'mawa mwake bwana anandiuza kuti chiwerengero cha oyankha anali atachitumiza kale ku ofesi yaikulu dzana, ndipo matumba a soya adzabwera molingana ndi chimenecho. Sananene mwankhanza. Ankadya chinangwa chootcha, ndipo anandigawirako. Ndinadya.

Amama nditawauza sanasiye kusankha mtedza.

“Ndiye ndidzala zikomoyo?” anafunsa.

Anadzala soya wakale amene anasunga m'chigubu, ndipo wambiri sanamere. Ine ndinapitiriza kupukuta fumbi. Bwana anadzandiuza kuti ndiwonjezere eya, chifukwa alimi ena ochokera kummwera amalemba choncho. Ndinatsegula foda, nkulemba mawuwo pansi pa yewo.