Fulasiki ya Amai Inagona Kusukulu

Apongozi andigulira fulasiki yosungira madzi a mkaka wa mwana. Ndikaitseka imalira pang'ono, sii, ngati munthu akupuma m'tulo. Sindiifuna m'nyumba muno.

Kale, ndili giredi sikisi pasukulu ya ku Kabwata, aphunzitsi a Tembo anati tiyese ngati zolembedwa pa katundu n'zoona. Pa fulasiki yathu analemba kuti madzi amakhala otentha tsiku lathunthu. Ndinaitenga osapempha, chonsecho ndi imene amai ankanyamuliramo phala la mlongo wanga Dalitso, amene anali m'chipatala ndi chifuwa.

Aphunzitsi anathiramo madzi owira. "Pakati pa magalasi ake mulibe mpweya olo pang'ono," anatero. "Iwe Tisa, osaigwira. Igona m'kabati mpaka mailo m'mawa." Atakhoma kabatiyo ndinaimva ikupuma. Ndinaganiza kuti ikufuna mpweya wa munthu.

Kunyumba amai anafufuza paliponse. "Tisa, fulasiki ili kuti?"

"Kaya, amai."

Phala anapita nalo m'kapu. Linafika lozizira, Dalitso analikana.

M'mawa aphunzitsi atatsegula, nthunzi inatuluka. "Mwaona? Sananame!" Kalasi yonse inaomba m'manja. Pobwerera ndinaibisa m'juzi, ikadali yofunda pamimba. Ndinapeza mipando yathu ili panja, azimayi akulira m'nyumba.

Kukoleji ndinaphunzira kuti Dalitso anafa ndi chibayo, osati phala lozizira. Komabe za fulasiki ija amai sindinawauze mpaka lero, ndipo yatsopanoyi ikangolira, ndimathamanga kukaika chala pamphuno pa mwana wanga.